Nkhondo yolimbana ndi chimimba

Ku Ndirande jimu sisowa. Kuseri kwa nyumba, anyamata amathira simenti m'zitini ziwiri za penti, n'kubayamo chitsulo pakati, basi jimu yatseguka. Tsiku lina kunafika bambo wina, mimba ili patsogolo iye akutsatira.

"Biggie, gonani chagada apa, pindani maondo, muzidzuka n'kugonanso mpaka ka 20," anatero mnyamata wophunzitsa, n'kupita kukathandiza ena.

Pobwerera anapeza bambo aja akuliza mkonono pa chiguduli.

"Nanga bwanji biggie?"

"Aise, mbali yogonayo ndaikhoza. Yodzukayo tidzayambe mwezi ukatha."

*

Ku Zingwangwa, bambo wina anauzidwa kuti plank ndiye mankhwala a msana: kutsamira pa zigongono ndi zala zakumapazi, thupi lowongoka, mimba yokungika, osagwedezeka. Amene anayesapo akudziwa kuti mphindi imodzi ya masewerawa imatalika kuposa ulaliki wa pa maliro.

Ali m'kati monjenjemera kuchipinda, nkhope italoza kunsi kwa bedi, mkazi wake analowa.

"Abambo a Junior, musavutike n'kusuzumira. Ndalama munabisa mu nsapato ija ndagulira kale makala."

Plank inathera pomwepo. Akuti bamboyo anagona chafufumimba mpaka nsima itapsa.

*

Anzathu a ku Chilomoni ali ndi mwayi, phiri la Michiru lili pakhomo. Mkulu wina Loweruka lililonse amakwera motsata Njira ya Mtanda, thukuta kamukamu. Vuto lake ndi potsika. Amayambira pa chiwaya cha chipisi, n'kudzera pa kanyenya, n'kumalizira mang'ina ndi mabotolo angapo ozizira. Atapita kuchipatala, dokotala anamuyeza m'chiuno n'kupukusa mutu.

"Bambo, kodi phirilo mumakwera kapena mumadya?"

Ndipo dokotalayo sananame. Masewera, ngakhale a pamimba, amalimbitsa minofu, koma sasankha kuti asungunule mafuta a pamchombo pokha. Mafuta amachoka m'thupi lonse pamodzi, pamene zomwe ukudya zachepa poyerekeza ndi zomwe thupi likugwiritsa ntchito. Minofuyo ikhoza kukhalapo ndithu, koma itafunda bulangete.

*

Ku Bangwe mipopi itauma, mnyamata wina wa zifuwa zotumphuka anatumidwa kukatunga madzi kumjigo. Chidebe cha malita 20 anachipumitsa katatu asanafike n'pamsewu pomwe, akuti chikumupweteka msana. Mayi wina anamudutsa chidebe chonga chomwecho chili pamutu, mwana kumbuyo, kwinaku akuyankha foni.

"Achimwene, zitsulo zija mumanyamulira chithunzi eti?"

*

Koma mphunzitsi woposa onse ndi kondakitala wa minibasi ya ku Machinjiri. Mpando wa anthu atatu akhazikapo anayi, ndiye amvekere: "Bwana, tabwezani mimbayo pang'ono chitseko chitsekeke!" Bwana amakoka mimba, n'kuigwira choncho osapuma bwino mpaka ku Limbe. Masewera athunthu, ndipo mumalipira ndi ndalama ya thiransipoti yomweyo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa. Choncho inu a ku Ndirande, mawa minibasi ikudutseni, kuntchito ku Ginnery Corner mupite wapansi. Koma chiwaya cha panjira mungochipatsa moni.