Kodi Ndani Amanena Kuti Kwawo Kwakhala Bata?

Kuno ku Mambwe njovu zikalowa m'mudzi usiku timathawira kwa mnansi. Kukacha timayamba taona mapazi ake, n'kutsimikiza tokha kuti zabwerera ku Luangwa, kenako n'kupita kwathu. Nanga wothawa nkhondo, amamuonera mapazi ndani?

Taganizani za Ukwimi, kufupi ndi kuno, ku Lusangazi. Boma linatsegula malowo mu 1987 kuti lisungeko abale athu a ku Mozambique othawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo. Ambiri anayamba akhala m'midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke, pakati pa anthu olankhula chinenero chawo chomwe. Ku Ukwimi anawapatsa minda, analima chimanga, anabereka ana, ena anaika maliro. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anayamba kubwerera. Funso langa ndi ili: mwana wobadwira ku Ukwimi ankabwerera kuti? Mayi amene anasiya manda a mwamuna wake kumeneko, kwawo kunali kuti?

Amati chitetezo cha othawa kwawo ndi cha kanthawi. Chabwino. Koma msasa wa Mayukwayukwa unalandira anthu a ku Angola mu 1966, ndipo boma linawachotsa pa mndandanda wa othawa kwawo mu Juni 2012. Zaka 46! Wobwera ali kumsana anali atakhala agogo. Munthu wotere mungamuuze bwanji kuti amange katundu? Zambia inachita bwino kulonjeza malo okhazikika kwa anthu 10,000 a ku Angola ndi 4,000 a ku Rwanda. Nanga n'chifukwa chiyani munthu ayenera kudikira mpaka imvi kuti amve mawu amenewa?

Lero ku Mantapala, m'boma la Nchelenge, kuli a ku Congo. Kodi adzale mango, kapena nyemba zokha zokolola msanga? Kodi mfuti zikaleka kulira mumzinda waukulu, ndiye kuti kumudzi kwawonso zaleka? Ngati nyumba inapsa ndipo munda analanda ena, abwerere kukagona pati?

A Commissioner for Refugees ndi a UNHCR, ndikupempha chinthu chimodzi: musanalembe kuti dziko lakutilakuti lili pabwino tsopano, yambani mwafunsa eni ake amene analithawa. Wofuna kupita muperekezeni, wozika mizu mumpatse mapepala akhale.