Kagawidwe ka Kolera kwa Anthu 40,000 Masana Amodzi

Mwapatsidwa udindo wokonza masewero akuluakulu a mpira, ndipo mukufuna kuti wolowa pageti aliyense abwerere kwawo atasenza matenda. Ntchitoyi siidya ndalama. Chofunika n'kudziwa zoyenera kuiwala, ndi nthawi yoziiwalira.

Yambani ndi tsiku. Sankhani Disembala mvula itakhazikika, ngalande zitadzaza, zimbudzi zokumba zikusefukira. Bwalo likhale lalikulu ngati Bingu National Stadium, momwe mumalowa anthu oposa 40,000. Wina akakukumbutsani kuti kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inafika m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700, muyankheni kuti zimenezo zinatha kalekale.

Kumsonkhano wokonzekera itanani apolisi, ogulitsa matikiti, atolankhani ndi mwini zimkuzamawu. A zaumoyo musawaitane. Akabwera okha, apatseni mpando wakukhomo, nkhani yawo muiike kumapeto, anthu atayamba kale kusainira alawansi. Anthu amenewa amachedwetsa ntchito ndi mafunso. Kubwera anthu angati? Achokera maboma ati? Zipatala za kumeneko zalandira otsegula m'mimba angati sabata ino? Anthuwo akhala maola angati, amwa chiyani, akadzithandiza kuti? Bungwe la WHO limati mafunso otere ayankhidwe chochitika chisanafike, ndipo aziwunikidwanso tsiku likamayandikira. Inu musayankhe ngakhale limodzi. Chiopsezo chosayezedwa sichilowa m'maminitsi.

Tsopano zimbudzi, pakuti apa ndi pamene pagona luso lonse. Tizilombo ta kolera timatuluka ndi chimbudzi cha munthu n'kukalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Udindo wanu n'kufupikitsa ulendo umenewo. Khomani theka la zimbudzi ndi loko, makiyi mupatse mlonda amene wapita kumaliro. Zotsalazo musaziyese ngati zikugujumula. Thanki musadzaze, dalirani kuti mipopi siuma Loweruka. Chigawo choyamba chikatha, anthu zikwizikwi amanyamuka nthawi imodzi, ndipo ali ndi mphindi 15 zokha. Mzere ukatalika, munthu wanzeru amazungulira kuseri kwa mpanda. Musamuletse. Ingoonetsetsani kuti ogulitsa zakudya mwawaika kumunsi kwa malo amenewo, kuti mvula ikagwa madzi adziwe kolowera.

Posamba m'manja pakhalepo, chifukwa atolankhani amafuna chithunzi. Ikani beseni limodzi pageti lalikulu. Chidebe cha kampopi n'choipa, chimataya madzi akuda pansi. M'beseni aliyense amaviika manja m'madzi omwewo, ndipo ikamakwana 2 koloko amakhala atada bii, pamwamba pakuyandama mafuta a chipisi. Musawasinthe. Sopo akatha, watha.

Pambali pa beseni imikani mnyamata ndi kamakina koyezera kutentha kwa thupi kamene kanatsala nthawi ya Covid-19. Kachipangizoka n'koyenera kwambiri pantchito yathu. Kolera kawirikawiri sitenthetsa thupi, komanso ambiri amene ali ndi tizilombo take sadwala n'komwe, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo. Onsewo adutsa bwinobwino, ndipo khamu liona kuti mwachitapo kanthu.

Samalani ndi moto. Chipisi chongochoka pachiwaya ndi kanyenya wotentha zimakulepheretsani, chifukwa kutentha kumapha tizilombo. Konzani vutoli ndi saladi: kabichi ndi tomato zotsukidwa m'madzi a m'ngalande, zotapidwa ndi dzanja lomwe likulandiranso ndalama. Thobwa ligulitsidwe ndi kapu imodzi yongoviikidwa m'chidebe. Madzi a m'timajumbo ndi mafirizesi musafunse kumene anatungidwa. Klorini ngati munalandira, msungeni m'sitolo, ndipo kiyi wake akhale pa mulu womwe uja wa mlonda.

Matenda oyenda mumpweya amavuta pang'ono, poti bwalo n'lapamtetete ndipo mphepo imamwaza tizilombo. Musataye mtima. Tsegulani mageti mochedwa, awiri okha, kuti anthu apanikizane maola angapo akupumirana m'khosi. M'chipinda cha alendo olemekezeka tsekani mawindo. Zotsalazo achita ndi maminibasi odzaza mawindo ali chitsekere chifukwa cha mvula, ndi mabala kumene opambana akakumbatirane mpaka usiku. Njirayi inaonetsa mphamvu zake ku Italy. Pa 19 Febuluwale 2020, anthu pafupifupi 40,000 ochokera ku Bergamo anapita ku San Siro mumzinda wa Milan kukaonera Atalanta ikugonjetsa Valencia 4-1. Patangopita masabata ochepa, Bergamo inali m'gulu la madera osakazidwa kwambiri ndi Covid-19, ndipo madokotala ena a kumeneko analoza chala masewerowo.

Pazimkuzamawu lengezani za mowa, za mayunitsi ndi za galimoto yomwe yatseka njira. Za kusamba m'manja ayi, mungaopseze makasitomala.

Tenti ya chithandizo choyamba ikhale ya osewera. Muikemo mabandeji ndi mankhwala opopera pabondo. Thanzi ORS asapezekemo, ngakhale paketi imodzi, chifukwa kapaketi kameneka kakasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo kamabweza madzi ndi mchere m'thupi, ndipo odwala ambiri amachira nako. Wochemerera akagwa, maso atalowa m'kati, akutsegula m'mimba zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, nenani kuti waledzera. Ambulansi ikhale itatsekeredwa ndi galimoto za mabwana. Mkwezeni minibasi yodzaza bwino, makamaka yopita kutali. Munthu wotere amatha kuuma thupi n'kumwalira m'maola ochepa, choncho onetsetsani kuti ulendowo ndi wautali. Pamene anasanzira musathirepo klorini. Ana otola mabotolo apitapo madzulo.

Ubwino waukulu wa njirayi uli pa nthawi. Munthu akameza tizilombo ta kolera, zizindikiro zimaoneka pakati pa maola 12 ndi masiku asanu. Ndiye kuti pofika nthawi imene odwala ayambe kufika pa machira ku Mgona, ku Ndirande, ku Salima ndi ku Mangochi, inu mudzakhala mutawerenga kale ndalama za pageti. Lipoti lanu mulembe Loweruka lomwelo usiku: masewero anayenda bwino, palibe amene anadwala. Zipatala musaziuze kuti munali ndi khamu. Nambala yoti odwala aimbe musapereke. Alangizi a zaumoyo akamazungulira m'makomo kufunsa odwala kumene anadya ndi kumwa sabata yatha, foni yanu ikhale yothimitsa.

Lolemba m'mawa pitani mukasungitse bwalo la masewero obwereza. Pemphani Loweruka la pa sabata ziwiri, mvula isanadule, ndipo matikiti musindikize ochulukirapo.