Benchi Lothyoka

Ndili mnyamata wa Sitandade 6, aphunzitsi anatilembera pabolodi chiganizo cha Chingelezi chonena za msodzi amene anakhala pa bank kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Ndipo ine, wodziyesa katswiri wa chinenero cha Mfumukazi, ndinamasulira mosaphethira kuti munthuyo anakwera padenga la nyumba yosungiramo ndalama, nakhala pomwepo ndi mbedza yake. Mphotho yanga inali zikoti zinayi, ndipo ndi zikotizo ndinaphunzira kuti liwu lomweli limatchulanso gombe la mtsinje.

Bank ya ndalama, imene ife tinaisandutsa banki, inachokera ku Italy, kumene osintha ndalama a ku Florence, Venice ndi Genoa ankakhala pamsika ndi benchi lawo lotchedwa banca, onga aja amene Ambuye anawagubuduzira magome m'Kachisi. A banja la Medici, amene anatsegula banki yawo mu 1397, analemera nayo ntchitoyi kufikira ana awo ena anakhala apapa. Koma wamalonda wolephera kubweza za eni ake ankanenedwa kuti wafika pa banca rotta, ndiko kuti benchi lothyoka, ndipo m'menemo Angelezi anatolamo liwu lawo loti bankrupt.

Nzeru zonsezi ndinazitulutsa Lachitatu lapitali, pamene amayi a banki m'khonde anasonkhana pakhonde langa ndi kope lawo, kudzafunsa za K20,000 imene ndinakongola kudzera mwa mayi a kunyumba m'nyengo ya feteleza. Poona kuti m'thumba munali mbee, ndinaganiza zowalipira ndi maphunziro: ndinakhala pabenchi langa, limene ndinakhoma ndekha ndi misomali yowongola, nditasanjikiza miyendo monga mkulu wa mpingo, ndi kuyamba kuwayendetsa m'misika ya ku Florence, ndikuyembekeza kuti mdima udzawabalalitsa tisanafike pa dzina langa.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Nditangotchula banca rotta, mwendo wa benchi, umene chiswe chinaudya mwakachetechete dzinja lonse, unati thyo! ndipo ndinapezeka chagada, miyendo m'mwamba, pamaso pa amayi khumi ndi asanu ndi apongozi anga omwe.

Amayi osunga chuma sanaseke. Ananyowetsa chala ndi malovu, natembenuza tsamba la kope, nati: “Pepani bambo, tanthauzo lake taliona ndi maso. Koma kuno si ku Italy. Benchi mukhome, ndalama mubweze, ndi chiwongoladzanja chake chomwe.”