Khirisimasi ya nkhuku imodzi

Pa 25 Disembala, nkhuku yachikuda imasanduka nkhani ya masamu. Miyendo ili nayo iwiri basi, koma pamkeka pakhala amalume atatu, ndipo nthutumba aliyense akudziwa kuti ndi ya wamkulu. Mayi wochenjera amachulutsa tomato ndi anyezi kuti msuzi ukwane, n'kutereka mpunga wa Kilombero wa ku Karonga uja, womwe fungo lake limaitana aneba amene sanaitanidwe. Ana amalandira khosi ndi zipalapasiro, mlandu n'kuthera pomwepo.

Botolo limodzi la Sobo limathiridwa madzi mpaka mtundu wake kuyamba kukayikitsa. Mango ndiye salowa n'komwe m'bajeti, poti ndi nyengo yake.

Zokongoletsa sizivuta: chitenje chochapa bwino patebulo, mabaluni a pagolosale, ndi mapepala amitundumitundu odula ndi sizasi. Ena amazika nthambi ya paini m'chitini cha mchenga n'kuimwaza thonje kuti ifanane ndi chisanu cha ku Ulaya, chonsecho alendo thukuta lili kamukamu, mvula ikuwomba malata. Mabaluniwo safika madzulo. Adzukulu amayamba kuwaphulitsa agogo asanafike pa ameni.