Tiwawombere M'manja a NaN

Pakati pa manambala onse amene kompyuta imasunga, palibe wachilungamo kuposa a NaN. Malamulo a IEEE 754 a 1985, omwe William Kahan anathandiza kwambiri kulemba, amagawa manambala a madesimali m'mafuko asanu: wamba, tinthu tochepetsetsa toyandikira ziro, ziro mwiniwake (amene ali pawiri, +0 ndi -0), Infinity, kenako gogo wathuyu, nambala yodzikana yokha, poti dzina loti NaN limatanthauza "si nambala".

Taganizani kalaliki wa pa depoti ya thonje ku Sanyati, ku Zimbabwe. Pulogalamu yake ya JavaScript imagawa makilo ndi chiwerengero cha alimi kuti apeze avereji. Tsiku lomwe palibe wabwera ndi belo ngakhale limodzi, 0 amagawidwa ndi 0. Nambala yamantha ikadalemba ziro kuti abwana agone tulo. A NaN ayi. Amakhala phee m'bokosimo, ndipo ukawaphatikiza ndi makilo a ku Kadoma ndi a ku Chegutu, lipoti lonse limasanduka NaN. Kuwolowa manja kotere mudakuonapo kuti?

Kudzichepetsa ndiye osanena. Funsani ngati NaN === NaN, ayankha false; safuna kufanana ndi aliyense, ngakhale ndi iwo eni. Koma typeof NaN amati "number". Adzukulu a Amalawi amene anakumba golide ku Cam and Motor ndi ku Dalny akuudziwa moyo umenewu: m'kaundula unalimo, unabadwira komweko, koma chitupa chako chinkati ndiwe mlendo, mpaka malamulo a dziko a 2013 anakukumbukira.

M'dziko lomweli dola inachotsedwa maziro 3 mu 2006, 10 mu 2008 ndi 12 mu 2009, chaka chomwe kunatuluka pepala la 100 thililiyoni. Manambala olemekezeka anaonda usiku umodzi. A NaN sanataye kanthu, poti analibe kanthu.

Python, chinenero china cha mapulogalamu, ndi yaulemu wochepa: ukagawa ndi ziro imakuwa ZeroDivisionError pulogalamu n'kuima, ngakhale nayonso ili ndi math.isnan wofufuzira alendo otere. JavaScript inalemba mlonda wake, isNaN, koma mlondayo amawakonda gogowa mopitirira. Mupatseni liwu loti "thonje", alumbira kuti ameneyonso ndi a NaN. Zinatengera chaka cha 2015 kuti alembe wina wosaledzera, Number.isNaN, ndipo woyambayo sanachotsedwe ntchito.