Aamereka a ku Kanele

Wofuna kumvetsa chifukwa chimene anthu a ku Amereka amatayira tulo poonerera ukwati wa ana a mfumu ya ku Mangalande asavutike ndi tikiti ya ndege. Akwere basi pa Chipata, apirire makilomita pafupifupi 180 a msewu wolowera kumpoto, atsike pa boma la Lundazi, pamene eni ake amati pa Kanele, akakhale pansi pamene amuna a nsapato zopolisha amamwera zozizira dzuwa likapendeka. Pamenepo adzapeza mtundu wa anthu woyenera kutchedwa Aamereka a ku Kanele, anthu amene pakamwa anathana nawo ufumu kalekale, koma akangoona galimoto ya mfumu ikuima pogulitsira mafuta, mtima umawadumpha ngati wa mwana woona bambo ake akutsika panjinga ndi mabanzi. Chimene ndikufuna kutsimikiza n'chakuti ufumu umakomera kwambiri munthu amene sungamugamule mbuzi. Wokhala pansi pake tsiku ndi tsiku amaulemekeza ndithu, koma mopanda nthungululu, monga mmene mkamwini amalemekezera apongozi oyandikana nawo khonde.

Tiyambe ndi eni dzinalo. Pa 4 July 1776 Aamereka analengeza kuti za Mfumu George III atopa nazo, ndipo polemba malamulo a dziko lawo anaikamo mawu oletsa boma kupatsa munthu aliyense dzina laufumu. Mpaka lero amanyadira zimenezi, namamvera chisoni Angerezi poganiza kuti onsewo ndi anthu ogwadagwada amene amadzuka ndi kugona akutamanda banja limodzi. Koma pa 29 April 2011, William akukwatira Kate, nthawi ya ku New York inali 6 koloko m'mawa ndipo anthu miyandamiyanda anali atakhala kale pa wailesi yakanema. Pa 19 May 2018, Harry atatenga mwana wawo Meghan Markle, a ku California anadzuka 4 koloko, nthawi ya mfiti ndi ophika mandasi, kuti aone diresi. Nanga Angerezi eni ake? Ambiri ufumu amaufuna, n'zoona, ndipo Mfumukazi Elizabeth itamwalira pa 8 September 2022 anaima pamzere usiku wonse kuti akaone bokosi. Koma ndi omwewonso amene chaka ndi chaka amawerengera ndalama za msonkho zopita ku banjalo, mapaundi 86.3 miliyoni m'chaka chimenecho, ndipo tsiku lolonga Charles ufumu, pa 6 May 2023, ena a iwo anaima mumsewu wa London ndi zikwangwani zachikasu zokana kuti iye ndi mfumu yawo. Mwamereka amaona zipewa ndi akavalo. Mngerezi amaonanso ngongole ya nsipu wa akavalowo.

Zambia inatsata njira ya Amereka mwachangu kuposa anansi ake a ku Malawi. Pa 24 October 1964 tinalandira ufulu n'kukhala ripabuliki tsiku lomwelo, Kaunda pampando, pamene abale athu a kutsidya kwa Lusuntha anasungabe Mfumukazi monga mutu wa dziko lawo mpaka pa 6 July 1966. Munthu wa pa boma la Lundazi mbiri imeneyi amaidziwa ndipo amaitchula mokweza. Komabe mlendo akafika n'kufunsa choona m'tauni muno, sam'tengera ku khonsolo kumene kuli makhansala osankhidwa ndi anthu. Amam'tengera ku Castle Hotel, chinyumba cha njerwa ndi zinsanja zosongoka chimene DC wachitsamunda Errol Button anamangitsa m'mbali mwa damu kuyambira mu 1948 mpaka cha mu 1952, motsanzira malinga a mafumu akale a ku Ulaya. Simunagonemo mfumu ya Mangalande, inali nyumba ya alendo basi. Koma taonani mmene wa pa boma amaimira pakhomo pake pojambulitsa chithunzi chaukwati, chibwano m'mwamba, dzanja m'thumba, ngati agogo ake ndiwo anasiya chinyumbacho pa chuma cha masiye. Apa Lundazi inawatsogolera ngakhale Aamereka, pakuti iwo chinyumba chawo chaufumu chopanda mfumu anachitsegula ku Disneyland mu 1955, ife tili nacho kale zaka zitatu. Ngakhale dzina loti Kanele, limene akuti linachokera ku udindo wa usilikali wa mzungu, timalitchula mwachikondi ngati dzina la kumtundu.

Tsono mvetserani zokamba za wa pa boma uja botolo lachiwiri likafika pakati. Mafumu ndi zinthu zakale, akutero. Dziko lotukuka liyenera kuyendetsedwa ndi mavoti. Munthu angalamulire bwanji anzake chifukwa chongobadwa m'mimba yakuti? Amayankhula bwino kwambiri, moti ungafune kum'sankha pomwepo. Koma m'thumba lake lakumbuyo, pamene wakhalira, muli reji yobiriwira, chitupa cha unzika, ndipo pa rejiyo boma la ripabuliki linalembapo mudzi wake ndi dzina la mfumu yake. Popanda khadi limenelo sangalembetse kuvota, sangatsegule buku ku banki, sangalembetse ngakhale simu khadi ya foni imene amanyozerapo mafumu pa Facebook. Mwamereka anam'taya George III m'nyanja. Wathuyu mfumu yake amayenda nayo kulikonse, yokutidwa m'pulasitiki kuti isanyowe.

Botolo lachinayi ndilo limavumbula zonse. Yemwe uja amafunsa za mimba yobadwiramo tsopano amatsitsa mawu, n'kusendera pafupi, n'kukuuza kuti kunena zoona iyeyo ndi wa kubanja lachifumu, kungoti sakonda kudzionetsera. Ndipo m'dera lino kudzinenera kotere n'kosavuta, chifukwa njira zolowera zilipo ziwiri. Kwa Achewa ufumu umatsata kuchikazi, wolowa m'malo ndi mwana wa mlongo. Kwa Angoni ndi Atumbuka ambiri umatsata kuchimuna. Munthu wochenjera amangosankha khomo loyang'ana kumene mphepo ikuchokera: akakhala ndi a kwa Mwase, amayi ake ndiwo anali a m'nyumba yaikulu, akakhala ndi a kwa Magodi kapena a kwa Mphamba, magazi adzera kwa abambo. Utawerenga onse odzitcha adzukulu a mafumu pakati pa msika ndi positi ofesi, ungadabwe kuti kodi mafumu akalewo ankalamulira anthu ati, poti wamba sanasiye mbewu. Sizachilendo. Aamereka nawonso amalipira ndalama kuti awafufuzire mzere wa makolo, ndipo sindikhulupirira kuti amatero pofuna kumva kuti gogo wawo anali wosesa m'khola la akavalo.

Chikondi chimenechi chimafika pachimake mu August. Loweruka lomaliza la mweziwo mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa Kulamba, kukagwadira Kalonga Gawa Undi. Sabata ya mwambowo telala wa pa boma sagona. Munthu amene chaka chonse amavala tayi amasoketsa malaya a nsalu ya mwambo, amasonkherana mafuta ndi anzake a ku ofesi, ndipo akafika amafuula "Yo Gawa!" mpaka mawu kusasa, dzanja limodzi likuomba pachifuwa, lina litakweza foni. Mu February malaya aja amalowa m'sutikesi, patuluke kachikopa ka pamutu kogula pamsika, ulendo wa ku Mtenguleni ku Nc'wala, kumene yemweyo tsopano ndi Mngoni wa "Bayete!" Kugwada kwake kumaonekera patali kuti n'kwa mlendo. Amayamba wayang'ana pansi ngati pali fumbi, amakoka thalauza pamaondo, amatsitsa bondo limodzi, ndipo amakhala choncho mpaka atatsimikiza kuti mnzake wajambula. Mayi wa kumudzi amene ali pambali pake wagwada kale, waomba m'manja, wadzuka, ndipo akuganiza za mtengo wa mtedza.

Mayi ameneyo ndiye Mngerezi wa m'nkhani ino. Wa pa boma amamuyesa wokonda ufumu wosafunsa mafunso, monga Mwamereka amaganizira za nkhalamba ya ku London. Akulakwitsa. Wa kumudzi amadziwa ufumu kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Amadziwa kuti mlandu wa malire a munda umayambira kwa nyakwawa, ndi kuti kumeneko supita chimanjamanja. Amadziwa kuti ng'ombe zako zikadya chimanga cha mnzako udzalipa, ndi kuti kapaso, mthenga wa mfumu, akafika pakhomo sanabwere kudzacheza. Amadziwa nduna imene imaweruza mowongoka ndi imene khutu lake limamva bwino nkhuku ikalira. Akamva kuti kwabwera wachuma wofuna malo, iye ndiye amayamba kuwerenga mizere ya munda wake. Zonsezi amazikamba, pamtondo, padimba, pobwera kumaliro, ndipo ndemanga zake n'zakuthwa kuposa za m'bala, chifukwa zili ndi maina ndi masiku. Komabe mfumu ikadutsa amagwada, popeza akudziwanso kuti mfumu yomweyo ndiyo idzaimitse mlamu wake wofuna kum'landa munda mwamuna akamwalira. Ulemu wake uli ngati wa munthu kwa mvula: amailira, ikabwera amadandaula matope, ndipo zonse ziwirizo n'zochokera pansi pa mtima. Wa pa boma amalira mvula ali pakhonde la simenti.

Wina anganene kuti ndikunyoza anthu osalakwa, kuti munthu wophunzira kupita ku Kulamba ndiko kusunga mwambo, ndipo tiyenera kuthokoza. Mbali ina akunena zoona. Miyambo imeneyi inazimirira nthawi ya atsamunda, ndipo pamene Nc'wala inadzuka mu 1980 ndi Kulamba mu 1984, anthu a m'matauni ndi ndalama zawo anathandiza. Sindikudandaula kuti amapita. Chondiseketsa n'chakuti amabwerako ali ophunzitsa. Yemwe wagwada mphindi ziwiri pa chaka amafika kumudzi n'kuyamba kulangiza amalume ake kuti masiku ano ulemu unatha, kuti anthu sakudziwanso kufunika kwa mafumu. Amalumewo amangoti "mwanena zoona, aphwanga", maso ali pa khola limene dzulo munatuluka mbuzi ya chindapusa.

Winanso anganene kuti fanizo langa n'lopunduka, chifukwa Charles ndi mfumu ya pachithunzi, wongosaina zimene nyumba ya malamulo yagwirizana, pamene mfumu ya kuno ili ndi mano. Izi n'zoona, koma zikungolimbitsa mfundo yanga. Malamulo a dziko lino anachotsa mafumu m'ndale, moti mfumu yofuna kuima pa chisankho cha uphungu iyenera kuyamba yatula ufumu, ndipo Nyumba ya Mafumu ku Lusaka, ya mafumu asanu ochokera m'chigawo chilichonse, ntchito yake yaikulu ndi kulangiza. Koma dothi linatsala m'manja mwawo. Pa lamulo la malo la 1995, wofuna kusandutsa malo a makolo kukhala a pepala la zaka 99 ayenera kupeza chilolezo cha mfumu. Ngati ufumu wopanda mano umang'ung'udzitsa Mngerezi, nanga wa mano? Ndipo ngati Mwamereka amausirira chifukwa uli kutsidya kwa nyanja, wa pa boma nyanja yake ndi malire a khonsolo, kumene puloti imachokera ku komiti ndipo mlandu umapita kwa majisitireti. Nyanjayo ndi yopapatiza, njinga imaiwoloka pa theka la ola, koma imakwanira kuti kutsidyako kuoneke kokongola.

Chotsutsa champhamvu ndi cha msonkho. Wa pa boma adzati iyenso amalipira, popeza malipiro a mafumu amachokera ku boma, ndipo boma limadula pa malipiro ake mwezi ndi mwezi. Ndikuvomera. Koma ndalama yodulidwa usanaione siipweteka ngati mbuzi imene unaiweta wekha, imene ana anaipatsa dzina, imene uyenera kuikoka ndi chingwe kudutsa pakati pa mudzi anthu akuonerera ndi kufunsana kuti walakwa chiyani.

Umereka wa ku Kanele uli ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo ndi la penshoni. Nyumba ya boma aibweza, ndalama zikuchedwa ku Lusaka, puloti ya m'tauni yakwera mtengo. Bambo uja amatulutsa reji, n'kuwerenga bwinobwino mzere umene anaukhalira zaka 30, n'kugula shuga, mafuta ophikira ndi tambala woyera. Ulendo uno sayang'ana fumbi ndipo palibe wojambula. Amagwada maondo onse awiri pamaso pa nduna yosafika giredi 7, amadikira pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, n'kuuzidwa kuti abwerenso Lachinayi. Magazi achifumu aja sawatchulanso, chifukwa kuno kuli nkhalamba zodziwa amene anabala yani. Pakatha mvula ziwiri, ng'ombe za mnansi zitam'dyera soya ndipo mlandu utagwera iye chifukwa chosamanga mpanda, mudzam'peza pamaliro akunong'oneza mnzake za nduna ya khutu lomva nkhuku. Malaya a mwambo aja tsopano amavala popita kudimba. Mu August mwana wake wa ku Lusaka amadzera pamudzi ndi galimoto, atasoketsa ake atsopano, n'kufunsa ngati adadi apita nawo ku Mkaika. Mkuluyo amati msana ukuvuta, n'kupempha kuti pobwera am'gulireko waya wa mpanda pa Chipata.