Ulemu kwa Mfumu Sakarini

Mwa zonse zimene ana a anthu anazitola mwangozi, palibe choyenera kuchiwombera m'manja ndi kuchigwadira ngati sakarini, mfumu ya zotsekemera, imene inalowa ufumu chifukwa munthu wina anaiwala kusamba m'manja. Pakuti m'chaka cha 1879, pa Yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, katswiri wotchedwa Constantin Fahlberg, ataweruka kuntchito yake yosanthula mankhwala ochokera ku phula la malasha, anakhala pansi kuti adye, namva buledi akuzuna ndi zimene zinakanirira kuzala zake. Ndipo ife, amene amayi athu anatithyolera mkwapulo pa tchimo lomwelo, tingoti mwayi sulingana. Mng'ono wa mfumuyi, aspartame, anabadwa mu 1965 mwa mwambo womwewo wa pamtundu, James Schlatter atanyambita chala.

Taonani kudzichepetsa kwa mfumuyi! Ingakhale ipambana shuga kuzuna pafupifupi ka 300, siimanga nyumba m'thupi la munthu, koma ingolonjera lilime, nipitirira ulendo wake wosasiyamo kanthu. Nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa zifuna madzi, dzuwa ndi thukuta la ozidula; uchi ufuna mwamuna wopirira mbola; stevia yemwe, tsamba limene anthu a mtundu wa Guaraní ku Paraguay anazunitsa nalo zakumwa zawo kuyambira kale, ayenera kulimidwa. Sakarini yekha ndiye apatsa munthu kukoma kumene sanakukhetsere thukuta, namuchotseranso nkhawa pamene ameza.

Mfumu siisowa oiweruza. Mu 1977 makoswe a ku Canada, atadyetsedwa sakarini wochuluka koposa amene munthu wanzeru zake angadye, anadwala khansa ya chikhodzodzo, ndipo ku America mfumu inayenda ndi chenjezo pamapaketi ake mpaka mu 2000, pamene zinadziwika kuti chikhodzodzo cha khoswe si cha munthu. Mlandu wolemera unadza mu 2023, pamene akuluakulu a bungwe la zaumoyo la WHO analangiza anthu kuti asadalire zotsekemera zotere pofuna kuchepetsa thupi, popeza sanapeze umboni wakuti m'kupita kwa zaka zimasungunula mafuta. Ansanje anayamba kunong'onezana za chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Koma ine ndifunsa bwalo lino: kodi mfumu inapangana liti ndi mimba? Pangano lake linali ndi lilime lokha, ndipo silinaswedwe ndi kale lonse. Ngati munthu, atathira kambulu kamodzi m'tiyi, adziyesa wolungama wosala kudya, nadzilipira yekha ndi mandasi anayi ndi chipisi cha pachiwaya, lamba wake nakana kufika pabowo la dzana, mlandu uli ndi yani? Amene ayenera kuitanidwa ndiwo ogulitsa mandasi, kuti afotokoze chifukwa chake, m'zaka zonsezi zimene mfumu yawakometsera malonda, sanabwere nawo mtulo kulikulu kwake.